Kabichi akatichulukira tizitani naye?

Mawu amene adayankhulidwa kwa mamembala pa chikondwerero cha zaka 10 za kopaletivu yathu



Anzanga amene ayankhula ine ndisanaime anena zokoma: za soya, za mtedza, za momwe tidayambira pansi pa mtengo mpaka lero tili ndi pokhala. Ine akomiti andipatsa nkhani yonunkha pang'ono. Andiuza kuti ndiyankhule za kabichi amene amatiwolera m'manja chaka ndi chaka. Musanditsekere makutu poti lero ndi la chisangalalo. Ndalama zimene timataya pa kabichi pakati pa Julayi ndi Seputembala, tikadaziwerenga bwino, ena mwa ife bwenzi nyumba zili ndi malata kalekale.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Chaka china, kopaletivu ikadali yakhanda, ndidadzaza ngolo ndi kabichi usiku, ndipo tambala woyamba polira ndidali kale pamsewu wa ku Msundwe. Pofika ndidapeza ngolo zina zandiyambira, milu ya kabichi ili mbwee ngati zulu za m'dambo. Venda woyamba adabwera, adanyamula mutu umodzi, kuudina ndi chala, n'kutchula mtengo. Ndidaseka, ndimayesa akucheza. Dzuwa litafika paliwombo ndidayamba kumufunafuna bambo uja kuti atenge pa mtengo wake womwe uja, koma adali atasoka kale matumba ake n'kukwera lole ya ku Lilongwe. Madzulo theka la katundu ndidabwerera nalo. Mayi a kunyumba sadandifunse kanthu, adangosuzumira m'ngolo n'kubwerera kukhitchini. Patatha masiku asanu mulu uja udayamba kudontha madzi kuseri kwa nkhokwe, ndipo anansi adadziwa za malonda anga popanda wowauza.

Tsiku limenelo ndidamutukwana venda uja mumtima. Lero ndikuona kuti sadalakwe. Iye amadziwa chimene ife sitifuna kuvomera: kuti sabata imene kabichi wanga wakhwima ndi yomweyo wakhwimanso wa ku Nsaru, wa ku Kabudula, wa ku Nambuma, wa ku Mpingu ndi wa ku Namitete. Tonse timadikira mvula ithe, madzi aphwe m'dimba, tikolole chimanga, kenako tonse n'kufesa nazale mu Epulo kapena Meyi. Mbande zimakhala panazale masabata anayi kapena asanu. Tikawokera, kabichi wofulumira ngati Copenhagen Market amamanga mitu m'miyezi iwiri ndi theka, Drumhead amapitirira miyezi itatu. Werengani nokha pa zala, mufika pa Ogasiti tonse pamodzi ngati tidapangana.

Palinso kapaketi ka mbewu kaja. Mu galamu imodzi ya mbewu ya kabichi mumakhala njere zoposa 200. Ndiye kuti kapaketi ka magalamu 10 kali ndi mbande zoposa 2,000. Tsono malo a mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi, tikabzala motalikitsa masentimita 60 mbali zonse, amalowa mbande zosakwana 300. Ife tikatsegula paketi timakhuthula yonse tsiku limodzi, mbande zikamera timachita nazo chisoni kuzitaya, timakumba mabedi ena, zotsala timagawira mlamu ndi mnansi. Aliyense wa amenewo adzafika nafe pamsika tsiku lomwelo. Makina opopera madzi aja tidawalirira, tawapeza, madimba akula. Walira mvula walira matope.

Choncho mankhwala oyamba a kabichi wochuluka ali panazale. Gawani paketi panayi, muzifesa gawo limodzi pakatha masabata awiri kapena atatu alionse, zotsala muzitseka bwino pamalo ouma. Ntchito ndi yomweyo, feteleza ndi yemweyo, koma mukhala mukukolola miyezi iwiri m'malo mwa sabata imodzi. Kuyambira pamene ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mbewu, feteleza ndi mankhwala opopera mukudziwa nokha momwe zidakwerera. Mutu uliwonse wowola masiku ano ukupita ndi ndalama zambiri kuposa kale.

Koma ndisaname, ngakhale titagawa bwanji, padzakhalabe chaka chimene kabichi adzatichulukire. Nkhani yanga yeniyeni ndi ya chaka chimenecho.

Kabichi akakhwima msika uli woipa, musathamangire mpeni. Malo abwino omusungira masiku oyamba ndi pamene waima pomwepo. Chimene chimang'amba mutu ndi madzi ambiri olowa kabichi atamanga kale, ndiye chepetsani kuthirira. Kenako gwirani mutu ndi manja awiri, muupotoze pang'ono mpaka mumve mizu ina ikuduka, osauzula ayi. Ukatero umamwa madzi pang'ono ndipo umatha kukudikirani sabata kapena kuposerapo usanaphulike. Podula, dulani m'mamawa kukadali kozizira, musiye masamba atatu kapena anayi akunja aja kuti akhale chovala chake. Musamuunjike pansi, musamusiye m'thumba la pulasitiki padzuwa. Muyaleni pathandala la mumthunzi podutsa mphepo, mitu isapsinjane, ndipo wovulala kapena wobooledwa ndi mbozi muzimupatula tsiku ndi tsiku. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi kabichi wolimba amakhala chonchi masabata awiri osadandaula. Masabata awiri pamsika ndi nthawi yaitali, mtengo umatha kutembenuka.

Za misika sindichulukitsa, poti akomiti ya zamalonda ali ndi lipoti lawo m'kabuku komweka. Ndingokumbutsa kuti wogula kabichi si venda yekha. Anyamata a chiwaya pa Namitete, pa Nsaru ndi pa Mpingu amafuna kabichi wa saladi tsiku lililonse, mitu iwiri itatu, chaka chonse. Malesitilanti ang'onoang'ono chimodzimodzi. Pa ukwati, pa chinkhoswe, pamaliro, pa misonkhano ya mpingo, ndiwo yosasowa ndi kabichi ndi nyemba. Kuli masukulu ogonera komweko, kuli zipatala zimene zimaphikira odwala. Koma taonani chinthu ichi: masukulu amatsekera chaka mu Julayi n'kudzatsegulira mu Seputembala. Mwezi umene kabichi wathu wachuluka zedi ndi umene ana ali kwawo ndipo miphika ya kusukulu ndi yovundikira. Amene akufuna msika wa sukulu afese mochedwerako kuti adzakolole sukulu zitatsegulira. Ndipo sukulu siingapangane ndi munthu mmodzi amene lero ali ndi mitu 500, sabata yamawa alibe ndi umodzi womwe. Imafuna woti azibweretsa Lolemba lililonse mpaka teremu ithe. Apa ndiye mawu aja akuti mutu umodzi susenza denga akukhudzanso mutu wa kabichi. Chenjezo langa ndi limodzi: ena mwa ogula akuluakuluwa amalipira mochedwa. Ine ndidadikirapo miyezi ingapo ndalama za kabichi amene adadyedwa kalekale. Pangano lizilembedwa, ndipo tsiku lolipira lizioneka papepalapo.

Tsopano ndifike pamene mtima wanga uli. Amayi, ndikufunseni. Nkhwani ukachuluka mu Malichi mumautaya? Khwanya, chitambe, mumasiya ziwolere m'munda? Ayi. Mumafutsa, mumayanika, agogo athu ankamanga m'zikwatu za masamba a msuku n'kupachika kudenga la khitchini. Mfutso umenewo ndi umene umatidyetsa nsima dzinja likatha. Nanga n'chifukwa chiyani kabichi yekha timamuona ngati mlendo woti sangafutsidwe? Ndikuganiza kuti n'chifukwa adabwera ngati mbewu yogulitsa, ya abambo, ya ndalama. Akakanika kugulika timangoti watha ntchito. Koma ndi masamba ngati ena onse, ndipo amauma bwino.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Sankhani mitu yabwino, osati imene yayamba kale kununkha, chifukwa dzuwa silichiritsa chowola. Chotsani masamba odyedwa ndi mbozi, tsukani, dulani panayi, chotsani chitsinde cholimba cha pakati chija. Dulani mopyapyala ngati mukukonza saladi, chifukwa zidutswa zonenepa zimauma kunja mkati mukadali madzi, ndipo zimenezo ndi zimene zimachita nkhungu. Wiritsani madzi mumphika waukulu, muthiremo mchere pang'ono. Madzi akabwadamuka ikani kabichi pang'onopang'ono, akhalemo mphindi ziwiri kapena zitatu basi. Sitikuphika ndiwo, tikungomufutsa kuti asunge mtundu ndi fungo lake labwino. Wosafutsa amauma ndithu, koma amada, ndipo pakapita mwezi amanunkha ngati udzu wakale. Mukavuula, mukhetse madzi padengu loyera, n'kumuyala mopyapyala pamphasa yoyera kapena pamalichero, pamwamba pa thandala, osati pansi pamene nkhuku, mbuzi ndi agalu akudutsa.

Ubwino wake ndi wakuti mwezi umene kabichi amachuluka ndi umenenso kumwamba kulibe mtambo. Mfutso wa nkhwani timalimbana nawo ndi mvula ya Malichi, koma mu Ogasiti dzuwa ndi mphepo zili zaulere. Mdani ndi fumbi ndi akamvuluvulu okha. Phimbani ndi nsalu yoyera yopyapyala. Neti ya udzudzu ayi, chonde, ija ili ndi mankhwala ndipo ntchito yake ndi kuchipinda. Muzitembenuza kawiri katatu patsiku, madzulo muzilowetsa m'nyumba kuopa mame. Mukatha kuyanika pamthunzi podutsa mphepo, kapena m'choumitsira chija cha pulasitiki chimene alangizi amaphunzitsa, mtundu umakhala wobiriwira bwino kuposa wa padzuwa la phwee. Pakatha masiku atatu kapena anayi tengani pang'ono mufinye m'manja. Akathetheka ngati fodya wouma, wauma. Akapindika osathyoka, mubwezereni pathandala.

Musadzadabwe ndi kuchepa kwake. Kabichi ndi madzi: pa magawo 10 alionse, oposa 9 ndi madzi okhaokha. Makilogalamu 10 a kabichi wamuwisi amatsala osakwana kilogalamu imodzi. Ngolo yanga ija ndidabwerera nayo ku Msundwe ikadakwana m'zidebe zochepa pakona ya nyumba. Sungani m'chidebe chouma chotseka bwino kapena mumtsuko womata pakamwa, pamalo a mdima, ndipo muzisuzumiramo kamodzi pamwezi. Mukaona kuti wayamba kufewa, mutulutseninso padzuwa tsiku limodzi.

Adzadyedwa liti? Inu mukudziwa momwe kumakhalira mu Okutobala, Novembala mpaka kuchiyambi kwa Disembala. Zitsime za m'dimba zaphwa, masamba apsa ndi dzuwa, nkhwani ndi bonongwe sizidamere, ndalama yonse yapita ku feteleza, ndipo banja lonse lili kumunda kuyambira mbandakucha. Mayi akaweruka masana alibe mphamvu yokasaka ndiwo. Pamenepo atape manja awiri a kabichi wouma, anyike m'madzi ofunda kwa kanthawi, aphike m'madzi omwewo ndi tomato ndi anyezi, kapena atendere nsinjiro. Ine wotendera ndi amene ndimamukonda, moti ana kwathu sasiyanitsa ndi mfutso wina. Ndisakunamizeni kuti ndi wofanana ndi wamuwisi m'thupi. Vitamini C wina amatayika pofutsa ndi poyanika. Koma yerekezani ndi nsima ya mchere, kapena ndi kabichi amene adawolera kuseri kwa nkhokwe. Ndiponso masamba obiriwira akunja aja, amene timasadzula n'kutaya pamsika kuti mutu uoneke woyera, ndi amene ali ndi chakudya chambiri kuposa oyera a mkati. Akakhala osadwala, afutseni pamodzi.

Pali njira ina imene ambiri muichita nayo nkhope, koma ndiitchulabe. Ku Germany ndi maiko oyandikana nawo, komanso ku Korea, anthu amasunga kabichi ndi mchere mpaka asase, ndipo ndi chakudya cholemekezeka. Ngakhale woyendetsa sitima za pamadzi uja James Cook, ponyamuka ku England mu 1768, adanyamula migolo ya kabichi wotere kuti anthu ake asadwale matenda otupa nkhama amene amabwera munthu akasowa zamasamba nthawi yaitali. Musati ndi zachizungu. Chimene chimasasitsa kabichiyo ndi tizilombo tabwino ta mtundu womwewo umene umasandutsa mkaka kukhala chambiko. Muyezo wake ndi magalamu 20 a mchere pa kilogalamu imodzi ya kabichi wodula, ndiye kuti supuni yaikulu imodzi yodzaza bwino. Sakanizani, mufikise ndi manja osamba mpaka atulutse madzi akeake. Mutsendereni mwamphamvu m'chidebe cha pulasitiki choyera kapena mumtsuko, pamwamba muike mbale yadothi ndi mwala wotsuka bwino kuti kabichi yense amire m'madzi ake aja. Chinsinsi chili pomirapo: amene watulukira pamwamba ndi amene amaola. Phimbani ndi nsalu, ikani pozizira, mudikire masabata awiri kapena atatu. Thovu likamatuluka musaope. Fungo lake likhale lowawasa ngati thobwa logona. Mukamva fungo la chowola, kapena wachita nanda ndi nkhungu yakuda, tayani osalawa. Chitini chachitsulo ayi, ndipo chigubu chimene mudakhalapo mankhwala a mbewu musachiyandikize n'komwe ku chakudya, ngakhale mutachitsuka kakhumi. Njira imeneyi imayenda bwino m'miyezi yozizira. Kukatentha mu Okutobala kabichiyo amafewa msanga, ndiye kwathu kuno ndimaiona ngati ya mwezi umodzi kapena iwiri. Yodalirika ndi kuyanika. Koma yesani kachidebe kamodzi, mudye ndi nyemba kapena ndi kanyama ka nkhumba, mudzandiuze.

Ena andifunsa kale ngati kabichi woumayu tingamagulitse. Kwa anansi ndi pamsika wa kwathu, monga umagulitsidwira mfutso, palibe chovuta. Koma tikafuna kumuika m'mapaketi a dzina la kopaletivu kuti akalowe m'masitolo a mu Lilongwe, pamenepo pafunika a Malawi Bureau of Standards adzaone malo okonzera ndi ukhondo wake. Munthu payekha sangazikwanitse, gulu lolembetsedwa ngati lathuli likhoza. Komabe ine ndikuti tisayambire kumeneko. Tiyambe tadya tokha chaka chimodzi, tione amene akuumitsa bwino, tidziwe kuti akusungika miyezi ingati m'nyumba zathu zino. Tisakagulitse chinthu chimene ife eni sitidachidye.

Otsala amene sangapite mumphika apite kukhola. Nkhumba, akalulu ndi nkhuku zimamudya mokondwa, ndipo madeya amakhalitsa. Koma kumbukirani kuti ndi madzi, nkhumba siinganenepe ndi kabichi yekha. Mbuzi ndi ng'ombe muzizipatsa pang'ono, atafota, zitayamba zadya udzu kapena mapesi, chifukwa zikamukhuta wamuwisi zimatupa mimba, ndipo zikamudya wambiri masabata ambiri magazi amachepa. Ng'ombe ya mkaka muziipatsa mukatha kukama, kupanda kutero mkaka umamveka fungo ndipo akaubweza. Chinanso, ndipo apa ndikweza mawu: kabichi amene mwapopera mankhwala dzana si wa munthu, si wa chiweto, si woyanika. Pa botolo lililonse pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanakolole. Ngati zilembozo n'zazing'ono kapena zili m'Chingerezi, funsani alangizi kapena mwana wa sukulu akuwerengereni. Kufutsa sikuchotsa mankhwala.

Zimene ngakhale nkhumba yakana zipite kudzenje la kompositi, mosanjikiza ndi mapesi, udzu wouma ndi ndowe, chifukwa kabichi payekha amangosanduka phala lonunkha. Koma amene ali ndi matenda aja oyambira m'mphepete mwa tsamba, lachikasu, mitsempha yake n'kuda, ameneyo asalowe mu kompositi. Mukwirireni kutali ndi dimba kapena mumutenthe, apo ayi mudzabweza matenda ndi manja anu. Zitsinde nazo muzizula mukatha kukolola. Ndikudziwa zimaphukira timitu tating'ono tokoma, ndipo mizere iwiri ya pakhomo mukhoza kuisiya, koma dimba lonse la zitsinde ndi khola loweteramo mbozi ndi nsabwe zodzadya mbande za mnzanu. Pamalo pamene pachoka kabichi pasabwererenso kabichi, repu, mpiru kapena tchayinizi kwa zaka ziwiri zitatu, poti onsewa ndi pachibale ndipo amadwala matenda amodzi. Ikanipo anyezi, nyemba kapena chimanga chachiwisi.

A Wapampando, ndisanakhale pansi ndili ndi zopempha ziwiri, ndipo zonse sizifuna ngongole ya kubanki. Choyamba ndi pepala limodzi lalikulu pakhoma la ofesi yathu, pamene aliyense wolima kabichi azilembapo sabata imene akufesa ndi kuchuluka kwa mbande. Tikaona mayina 15 aunjikana pa sabata imodzi, tikhale pansi, ena atsogole, ena adikire, ena abzale zina. Padzakhala kukangana, ndikudziwa, chifukwa aliyense adzafuna sabata ya mtengo wabwino. Tizidzasinthana chaka ndi chaka, kusiyana n'kukakanganirana venda mmodzi pamsika. Chachiwiri ndi thandala loyanikira la gulu, kuseri kwa nyumba yathu yosungiramo katundu, ndi mphika umodzi waukulu. Mitengo ndi nsungwi tili nazo, amisiri ali mommuno. Amayi amene amadziwa kufutsa atiphunzitse, ndipo abambo tisaime patali manja m'thumba, poti kudula mitu 100 mopyapyala si ntchito ya munthu mmodzi.

Pakhomo potuluka pali tebulo. Mayi a kunyumba kwathu aikapo mbale ziwiri, ina ya kabichi wouma monga alili m'chidebe, ina yotendera. Mugwireni, mumununkhize, mulawe. Amene akufuna kudzakhala nawo tsiku loyamba kufutsa alembetse dzina kwa alembi asanapite kukadya.